MAU A MLANGIZI: Samalani Mfundo za Coboolera Citsime

 Sabata yatha tinakamba za kusankha malo a citsime ca ku dimba, ndipo tinati citsime citalikirane ndi cimbudzi, khola ndi dzala mamita osacepera 30. Lero tikamba za cida coboolera citsimeco ndi manja, cimene pa Cingerezi amati auger. Koma sitikamba za cida conse iai. Tikamba za malo amene ndodo ina ikomana ndi inzace, ndi tizitsulo timene tigwira malowo. Malo amenewa ife pano tiziti mfundo, monga mfundo za nsungwi kapena za nzimbe.

Kapena wina ali kunena mumtima kuti, "Kodi Mlangizi wasowa cokamba, kuti atisiyitse nchito cifukwa ca mapini ndi mabauti?" Yambani mwamva, bambo. Mutu wa coboolera ukabuntha tiunola, cigwiriro cikathyoka tipanga cina, pakuti zimenezi tiziona ndi maso pamtunda pompano. Koma mfundo ikamasuka iri pansi pa nthaka mamita 10, mutu pamodzi ndi ndodo zonse za m'munsi zitsala komweko. Dzenje latayika, cida catayika, ndipo thukuta la masiku atatu lapita pacabe. Kapini kamene mtengo wace sufika pa mtengo wa nkhuku kakhoza kutayitsa gulu lonse dimba la caka cathunthu.

CIFUKWA NINJI TIFULUMIRA NAYO NKHANIYI

Agogo athu akumbukabe njala ya 1949, ndipo makolo athu anaona cirala ca 1992. Ife tomwe tinaona njala ya 2002, cirala ca 2016, ndi ca 2024 pamene Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. M'zaka zotere banja lokhala ndi dimba lothirira lidya mondokwa, maungu ndi nyemba pamene anzao ali kuyenda kufuna ganyu. Ligulitsanso matimati, anyezi ndi mpiru, ndi kupeza ndalama za ufa, sopo ndi mcere.

Zitsime zokumba ndi khasu m'madambo zigumuka caka ndi caka, zidzala matope mvula ikagwa, ndipo ana ndi mbuzi amagweramo. Citsime coboola ndi copapatiza, cibvekedwa paipi ya pulasitiki m'kati, ndipo cikhala zaka zambiri. Nyengo yabwino yoboola ndiyo kuyambira September kufikira November mvula isanayambe, pakuti pamenepo madzi a pansi atsikiratu, ndipo citsime cimene cipeza madzi nthawi imeneyo siciphwa msanga. Nyengoyi njaifupi. Gulu limene litaya ndodo zace mu October silipeza nthawi yosonkha ndalama, kupita kwa mmisiri ndi kuyambanso. Lidikira caka ca mawa.

COBOOLERA CIRI COTANI

Coboolera ciri ndi ziwalo zitatu. Pansi pali mutu, umene udula dothi ndi kulisunga m'mimba mwace. Pamwamba pali cigwiriro copingasa cimene anthu azungulitsa. Pakati pali ndodo zacitsulo, zimene tionjeza imodzi imodzi pamene dzenje liri kuzama. Cida cimeneci ciyenda bwino mu mcenga, m'dothi lofewa ndi m'makande osalimbitsa, monga m'madambo a ku Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu, m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi Nkhotakota, ndi m'cigwa ca Chilwa. Pa thanthwe ndi pa miyala sicipyola. Pa malo abwino cifika mamita 15 kufikira 25, koma kumbukirani kuti thiredo pampu siikoka madzi okhala pansi koposa mamita 7.

Kuboola ndi manja sikwacilendo mu Africa. Ku Tanzania, m'cigawo ca Shinyanga, anayamba nchito ya zitsime zosazama mu 1974 mothandizidwa ndi dziko la Holland. Ku Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1980, Bambo von Elling a ku Harare anapanga coboolera ca miyendo itatu, dzina lace Vonder Rig. Ku Niger, dziko louma la kumadzulo kwa Africa, acikumbi aboola zitsime zikwizikwi za m'madimba kuyambira m'zaka zomwezo. Zida zao zisiyana maonekedwe, koma zonse ziri ndi ndodo zolumikiza, ndipo onse oboola aopa cinthu cimodzi, ndico kusiya citsulo pansi.

Tiyeni tiwerenge pang'ono. Tinene kuti mufuna citsime ca mamita 12, ndipo ndodo zanu nza mita imodzi ndi theka. Mufunika ndodo 8. Mutu ukadzala mukaboola masentimita 25, ndiye kuti muturutsa cida conse ndi kucibwezanso ka 48. Poyamba ndodo nzocepa, potsiriza nzambiri, ndipo mukamamasula mfundo iri yonse, pomaliza citsimeco mudzakhala mutamasula pafupifupi ka 200 ndi kumanganso ka 200. Pa maulendo onsewo, kulakwa kamodzi kokha nkokwanira.

NCHITO ZIWIRI ZA MFUNDO

Mfundo igwira nchito ziwiri, ndipo amene amvetsa nchito ziwirizi wamvetsa nkhani yonse ya lero.

Nchito yoyamba ndiyo kunyamula. Paipi ya inchi imodzi ilemera pafupifupi makilo 2 ndi theka pa mita. Mamita 12 ndi makilo 30, ndipo pamenepo muonjeze mutu ndi dothi lonyowa, ndiponso mphamvu ya makande amene akoka mutuwo ngati phazi lotitimira m'thope. Kulemera konseko kulendewera pa mfundo ya pamwamba.

Nchito yaciwiri ndiyo kupota, kutengera mphamvu ya anthu kucokera pa cigwiriro kufikira ku mutu. Iyi ndiyo nchito yaikuru, ngakhale siioneka. Tinene kuti amuna awiri ali kukankha cigwiriro, yense ndi mphamvu yonyamulira makilo 20, yense atagwira theka la mita kucokera pakati. Ngati ndodo zalumikizidwa ndi pini yokha yopyola paipi ya inchi imodzi, mbali iri yonse ya piniyo imva katundu wonga makilo 600. Amenewo ndi matumba 12 a fetereza a makilo 50, pa kacitsulo konga cala ca kanise! Tsono mukalowetsa mapaipi ku cigwiriro kuti citalike mita imodzi uku ndi uku, ndi kuitana amuna anai, katundu uja afika pa matumba 48. Pamenepo pini idulidwa ngati ndi sizasi. Cigwiriro cacitali cicita monga mpiringidzo wogudubuzira mwala: dzanja limva kupepuka, koma citsulo ca pansi ndico cilira.

MITUNDU INAI YA MFUNDO

1. Mfundo ya mazinga. Ndodo ina ipiringizidwa m'kati mwa inzace monga citsekero ca botolo. Ndodo za Vonder Rig nza mtundu umenewu. Mfundoyi inyamula bwino, iongoka bwino, ndipo siigwedera. Koma iri ndi lamulo limodzi losasweka: izungulira kumanja kokha, monga mutsekera botolo. Mukazungulitsa cobwerera, mfundo imodzi mwa zonsezo imasuka, ndipo simudziwa kuti ndi iti. Dziwaninso kuti mazinga ali mitundu iwiri. Ndodo zenizeni zoboolera ziri ndi mazinga akuruakuru, atatu kufikira asanu pa inchi, odulidwa pa citsulo cocindikala coocherera ku nsonga ya ndodo. Paipi ya madzi ya inchi imodzi iri ndi mazinga 11 pa inchi, odulidwa m'khungu la paipi momwemo. Khungulo licindikala mamilimita 3 ndi pang'ono, ndipo mazinga adya pafupifupi theka lace. Ncifukwa cace paipi ya madzi yolumikiza ndi soketi wamba ithyokera pa zinga lotsiriza, pakamwa pa soketi penipeni. Mapaipi otere anapangidwira kuyendetsa madzi, sanapangidwire kupota.

2. Mfundo ya ngondya zinai ndi pini. Ku nsonga imodzi ya ndodo aochererako citsulo ca ngondya zinai, ku nsonga inayo aochererako cina cokulirapo cokhala ndi mphako, ndipo cacing'ono cilowa m'cacikuru. Pini ipyola zonse ziwiri. Pano nchito zija zagawidwa: ngondya ndizo zipota, ndipo pini ingonyamula kulemera. Mukhoza kuzungulitsa kumanja kapena kumanzere osaopa kanthu, ndipo kumasula ndi kumanga sikucedwa. Kwa gulu la pamudzi limene lipangitsa cida cace kwa mmisiri wa pa msika, ine ndilangiza mtundu umenewu.

3. Mfundo ya paipi yobulungira ndi pini yokha. Paipi yaing'ono ilowa mu yaikuru, ndipo aboola bowo ndi kupyozapo pini kapena bauti. Njosabvuta kupanga ndipo njocepa mtengo, koma ndiyo yofoka koposa zonse, pakuti pini isenza nchito zonse ziwiri. Matumba 12 aja akhala pa iyo. Ngati cida canu ncotere, musapitirire naco mamita ocepa m'dothi lofewa, ndipo ozungulitsa asapose awiri.

4. Mfundo yokolana. Nsonga ziwiri za ndodo zikolana ngati zala, ndipo kapaipi kotsetsereka katsikira pamwamba pao ndi kuzitsekera. Mudzaiona pa coboolera cacing'ono cimene ife alangizi timatengera dothi lokapimitsa ku Chitedze kapena ku Bvumbwe. Imangika msanga popanda sipanala, koma njoyenera nchito yopepuka ya mamita 5 kapena kucepera apo. Ikhoza kukuthandizani kuyesa ngati pa malo pali madzi pafupi, koma musaigwiritse nchito ya citsime ceniceni.

ZA PINI

Munthu samanga ng'ombe pa goli ndi cikeyi ca bango. Momwemonso pini ikhale yoyenera bowo lace. Ngati bowo ndi la mamilimita 10, pini ikhale yodzaza bowolo, yolowa ndi dzanja koma yosagwedera.

Colakwa cimene ndiciona kawirikawiri ndico msomali. Pini ikasowa, wina athamangira ku nyumba, nabwera ndi msomali wa mainchi 6, naupinda nsonga. Msomali umenewu ucindikala mamilimita 6 okha. Mungayese kuti wacepa pang'ono pokha, koma citsulo ciri m'menemo sicifika ndi theka lomwe la ca m'pini ya mamilimita 10. Ugwedera m'bowo, upindika, ndipo ukulitsa bowolo kufikira pini yeniyeni isagwirenso.

Mukagwiritsa bauti, sankhani yokhala ndi thunthu losalala lopyola mbali zonse ziwiri za ndodo, mazinga akhale kunja kokha kumene kukhala nati. Bauti ya mazinga okhaokha idukira pa mazinga pomwepo. Yang'anani pa mutu pace: yolembedwa 8.8 njolimba koposa yolembedwa 4.6. Nati imodzi imasuka ndi kugwedezeka kwa ndodo, cotero ikani manati awiri omangana.

Pini yopanda nati ifuna coitsekera kuti isasolokere m'dzenje. Ena aika kawaya kokhotetsa pa kabowo ka ku nsonga. Ngati mulibe, dulani mphira ya chubu ca njinga ndi kukulunga mfundo yonse molimba pamwamba pa pini. Ndiponso pini isaturukire kwambiri m'mbali, pakuti ikhula khoma la dzenje, igwetsa dothi, ndi kukola pa paipi yocinga mcenga.

Tayani pini imene yapindika, kapena imene yayamba kuoneka mzere wodyeka pamene ikhudzana ndi ndodo. Musaiongole ndi hamala ndi kuibwezanso, pakuti citsulo copindidwa kawiri cafoka kale. Bowo likasanduka ngati dzira, ndodoyo ipite kwa mmisiri.

POPANGITSA KWA MMISIRI

Mmera mpoyamba. Pitani kwa mmisiri anthu awiri kapena atatu a m'gulu, ndipo mumuuze izi mwaulemu koma mosabisa mau.

Coyamba, ndodo iri yonse ilowe mu inzace iri yonse. Mmisiri apange cikombole cimodzi coboolera mabowo onse, asayese ndi maso. Musanalipire, yalani ndodo zonse pabwalo ndi kuzisinthanitsa, yoyamba ndi yacisanu, yacitatu ndi yotsiriza. Cida cimene ndodo zace zilowa mwa ndondomeko imodzi yokha cidzakusautsani ku dimba manja ali matope.

Caciwiri, ndodo zikhale zoongoka. Lumikizani ziwiri kapena zitatu ndi kuyang'ana ndi diso limodzi kucokera ku nsonga, monga muyang'anira phaso la denga. Mfundo yoocherera mopendeka ipangitsa dzenje lokhota, ndipo paipi ya pulasitiki ikana kutsika.

Cacitatu, citsulo ca ngondya zinai cikhale cocindikala. Mukane cija copyapyala copangira mipando ndi mafelemu a mazenera, pakuti ngondya zace zifafanizika msanga ndi kusanduka zobulungira. Cacing'ono cilowe m'cacikuru mozama, osacepera utali wa cala canu capakati.

Cacinai, pooca pazungulire ndodo yonse, popanda timabowo ndi ming'alu. Ngati paipi njonyezimira yokutidwa ndi citsulo coletsa dzimbiri, mmisiri ayambe wapala pamene afuna kuoca, ndipo aocere pabwalo, cifukwa utsi wace udwalitsa.

Cacisanu, pangitsani mapini oposa mfundo zanu, osacepera anai apadera. Pangitsaninso mphanda, ndico citsulo cophwatalala cokhala ndi mpata ngati cilembo ca U, cimene cilowa pansi pa mfundo ndi kukhala pa matabwa a pakamwa pa dzenje. Mphanda ndiyo igwira ndodo za m'munsi pamene muli kumasula ya pamwamba. Cida copanda mphanda sicinathe kupangidwa.

MALAMULO A PA TSIKU LA NCHITO

1. Sankhani munthu mmodzi wa mfundo. Asakhale wamphamvu koposa onse, akhale wodekha koposa onse, mwamuna kapena mkazi. Iye yekha ndiye alowetsa ndi kucotsa mapini, ndipo asunga apadera m'kathumba ka m'ciuno.

2. Ndodo ya pamwamba isamasulidwe mphanda isanalowe. Wa mfundo anene mokweza, "Mphanda yalowa," ndipo pamenepo ena ayambe kumasula. Manja onyowa ndi matope sagwira makilo 30 a citsulo coterera.

3. Ndodo zisagone pa dothi. Mangani kathandala pafupi ndi dzenje, kapena yalani mitengo iwiri. Mcenga wolowa m'mazinga uwapera monga mphero ipera mawere. Pukutani nsonga zonse ziwiri ndi kansaru musanalumikize, ndipo pakani girizi pang'ono pokha. Oilo wakuda wocokera m'galimoto asafike pa citsime, pakuti aipitsa madzi.

4. Mfundo ya mazinga iyambidwe ndi dzanja. Ndodo iime ciriri, ndipo muzungulitse katatu popanda sipanala. Ikalimba pa kuyamba pomwe, mazinga akwerana. Bwezani, pukutani, yambaninso. Pomasula gwiritsani mabobojani awiri, wina agwire ndodo ya pansi, wina azungulitse ya pamwamba. Musamenye soketi ndi hamala.

5. Musalowetse cala m'bowo la pini pofuna kuona ngati mabowo alunjikana. Ndodo ikatsetsereka cala ciduka. Lunjikitsani ndi kacitsulo kosongoka.

6. Musaimike m'mwamba ndodo zoposa mamita 3 zolumikizana. Zikawerama zipinda mfundo, ndipo zikagwa zibvulaza anthu. Yang'ananinso ngati pamwamba padutsa mawaya a magetsi.

7. Bvundikirani dzenje ndi thabwa nthawi zonse cida cikaturuka. Sipanala imodzi yogwera pansi ikhoza kuletsa mutu kudula. Ana aonere patali.

8. Musasiye cida m'dzenje popita kukadya kapena kukagona, makamaka mutafika pa mcenga wa madzi. Mcenga ukhazikika pamwamba pa mutu ndi kuugwira ngati simenti.

9. Werengani ndodo ndi mapini poyamba nchito ndi pomaliza, ndipo dziwani nthawi zonse ndodo zimene ziri pansi.

MUTU UKAKANIRIRA

Apa ndipo zida zambiri zitayikira. Mutu ukanirira cifukwa ca kuudzazitsa, kapena cifukwa ca mwala, muzu, kapena mcenga wogumukira. Mtima wa munthu uti, itanani anyamata ena, talikitsani cigwiriro, bwezani kumanzere.

Pa mudzi wina wa m'dera limene ndigwiramo nchito, gulu la mabanja asanu ndi limodzi linabwereka coboolera ca mazinga. Pa mamita 9 mutu unakanirira m'makande dzuwa liri pamutu, wapampando atapita ku maliro. Anyamata anazungulitsa cobwerera, ndipo mwadzidzidzi cigwiriro cinapepuka. Anaomba m'manja poyesa kuti mutu wamasuka. Pokoka anaturutsa ndodo ziwiri zokha; zinai pamodzi ndi mutu zinatsala pansi, ndipo pofika m'mawa dzenje linali litagumukira. Anagulitsa mbuzi kuti abwezere eni cida, ndipo caka cimeneco anathiriranso ndi ndowa kucokera pa citsime cakale cimene cinaphwa mu November cimanga ciri kumasula. Paja akuru anati khasu lobwereka silicedwa kuthyoka.

Tsono mucite ciani? Lekani kukankha. Kwezani cida pang'ono pang'ono muli kuzungulitsa kumanja, citsitseni, cikwezeninso, kufikira cimasuke. M'makande thirani ndowa ya madzi ndi kudikira kanthawi. Ngati muli ndi miyendo itatu ndi cingwe, kokani molunjika m'mwamba, mosadzidzimutsa. Kubwerera kumanzere nkololedwa pa mfundo ya ngondya zinai yokha. Koposa zonse, turutsani mutu usanadzaze. Kuthamanga sikufika.

NDODO ZIKATSALA PANSI

Zikacitika, musataye mtima ndipo musayambe kulozana zala. Cotsani anthu pakamwa pa dzenje kuti dothi lisagweremo. Unikirani m'kati ndi kalirole wolandira dzuwa. Tsitsani cingwe comangirira kamwala kuti mudziwe pamene pali nsonga ya ndodo yotsalayo. Ngati ndi ya mazinga ndipo mazinga ali bwino, tsitsani ndodo zanu pang'ono pang'ono, funafunani pakamwa pace, ndi kuzungulitsa kumanja kufikira zigwirane. Ngati pini ndiyo yaduka, mmisiri akupangireni ngowe yopiringizika ngati mcira wa nkhumba, yoocherera ku ndodo, imene izungulira ndodo yotsalayo ndi kukola pansi pa mfundo yace. Citani zimenezi tsiku lomwelo, dzenje lisanagumuke.

Koma ici ndiletsa ndithu: musakumbe dzenje lalikuru kuti munthu atsikire kukatenga citsulo m'dothi la mcenga lopanda cocinga m'mbali. Makoma otere agwa mosacenjeza. Ndodo tigula zina, koma munthu sagulidwa.

KUSUNGA CIDA

Nchito ikatha tsukani ndodo zonse, ziumitseni, pakani girizi pa mazinga ndi pa ngondya, ndi kukulunga nsonga ndi nsanza kapena pulasitiki. Zigone m'nyumba pa mitengo itatu kuti zisawerame, osati pa khonde pamene mvula iwaza. Mapini, manati ndi mphanda zikhale m'citini cimodzi cotseka, kwa munthu mmodzi wodziwika. Musalole ndodo kusanduka mpiringidzo wozulira zitsa, kapena pini kukagwira nchito pa ngolo.

Gulu likhale ndi kabuku. Pobwereketsa cida ku mudzi wina, werengani zonse pamaso pa anthu a mbali ziwiri ndi kulemba, ndipo munthu wanu wa mfundo apite naco. Pa citsime ciri conse coboola, sungani kandalama kogulira mapini atsopano ndi kuocheretsa ndodo. Inu mafumu, thandizani anthu anu pa cimeneci, pakuti mirandu ya zida zotayika idzafika pa bwalo lanu lomwe.

Musanayambe kuboola, kaonaneni ndi mlangizi wa m'dera lanu ndi a ofesi ya za madzi pa Boma. Lamulo la za madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority loyang'anira madzi a dziko lino, ndipo a ku ofesi adzakuuzani ngati citsime canu cifuna cilolezo. Safunsa anadya phula.

Sabata ino turutsani cida canu, ciyaleni pabwalo, ndipo yang'anani mfundo imodzi imodzi dzuwa la October lisanafike. Sabata ya mawa tidzakamba za kudula timipata pa paipi ya pulasitiki, ndi kusefa timiyala tothira m'mbali mwace kuti mcenga usalowe m'citsime. Amene muli ndi mafunso lemberani kalata kwa Mkonzi, ndipo tidzayankha pa tsamba lomwe lino.

Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
MLANGIZI